Chibale cha pa Ova-ova

Dziko la Tamvani musavutike kulifunafuna pa mapu, mungotha maso pachabe. Amene ankajambula mapu anafika pamalire, n'kuona mapiri atangoti ndandanda, ndiye anapinda mapepala awo n'kubwerera kwawo. Mapiri omwewo ndiwo anakaniza foni zam'manja kugwira ntchito m'dzikomo. Netiweki inkapezeka pa chulu chimodzi chokha, ndipo chulucho, mwa mwayi uja umagwera akuluakulu okhaokha, chinali mkati mwa mpanda wa nyumba yachifumu. Choncho anthu a ku Tamvani ankadalira tiwailesi tapamanja tolankhulirana, timene aliyense ankangotitchula kuti ova-ova, poti wolankhula akamaliza amati "ova" kuti mnzake ayambepo.

Wolamula dzikolo anali Mfumu Ndatero Wachiwiri, munthu wosaipa mtima kwenikweni, kungoti ankakonda kumva mawu ake ngati mmene mbuzi imakondera mchere. Ova-ova yake inali yaikulu kuposa zonse, mlongoti wake wautali kuposa nsanja ya tchalitchi. M'mawa uliwonse ankakhala pakhonde n'kumacheza ndi mafumu a maiko akutali, ndipo nkhani yake inali ya nyengo basi. Iye ankawauza kuti ku Tamvani kwachita mitambo, iwo n'kumuuza kuti kwawo kuli ngwee, nduna zili pambali kuombera m'manja nzeru zakuya zoterezi.

Tsiku lina mvula itangoyamba, akupatsana moni ndi Mfumu Ndalawa ya ku Tsidyalina, mawu a mzimayi anangolowerera pakati popanda odi.

"A Lufeyo, utale watha kuno. Tsitsani wina, ova."

Moni wa mafumu unadukira pomwepo. Choipitsitsa n'chakuti Mfumu Ndalawa sanafunsenso za mitambo. Anafuna kudziwa ngati utale wake unali bowa wamkulu uja wonga chipewa, ngati ku Tamvani amauthira nsinjiro, ndipo anamaliza ndi kunena kuti tsiku lina adzabwera kudzaulawa. Zimenezi zinamupweteka Ndatero mpaka m'mafupa. Zaka zonsezi akufotokoza za nyengo, panalibe mfumu inanenapo kuti idzabwera kudzaona mitambo yake.

Bwalo la nduna linakhala tsiku lomwelo. A Bwatika, Nduna ya Mphepo ndi Zonse Zoyenda M'menemo, anaimirira n'kukumbutsa anzawo kuti lamulo lilipo kale, linangogona tulo. Chiphaso cha ova-ova chimene munthu wamba amatenga ndi chamacheza: kupatsana moni, kuphunzira kagwiridwe ka wailesi, ndi kuitana thandizo pakagwa ngozi. Malonda ayi. Wofuna kuchita malonda atenge chiphaso china ndi wailesi ina yoyenda njira yakeyake. Apa a Bwatika ananena zoona, tiwayamikire poti sizichitikachitika. Mphepo ndi ya tonse, ndipo ikadzaza ndi nkhani za tomato, woitana ngolo ya mayi wodwala pakati angasowe polowera. Chimene anaiwala kutchula n'chakuti wogulitsa mawailesi amalondawo m'dziko lonse anali mmodzi yekha, mlamu wake wa mfumu, ndipo wailesi iliyonse inali yolemera ngati mphero.

Lamulolo likanatuluka lili lowongoka chomwecho pakanapanda mayi ake a mfumu. Iwo ankaweta nkhuku kumudzi, ndipo mlongo wawo ndiye ankawauza pa ova-ova mazira akachuluka kuti akapeze ogula. Analowa m'bwalo chitenje chili m'chiuno, nduna zonse n'kudzuka mwachangu, ndipo anafunsa mwana wawo ngati kuyankhula ndi mlongo wawo tsopano wasanduka mlandu. Mfumu inati ayi amayi. Basi ndime yatsopano inabadwira pomwepo, yakuti za pachibale si malonda. Abale a bere limodzi, anthu a mfunda umodzi, komanso mwamuna ndi mkazi wake, angathe kukamba za katundu mmene angafunire. Asuweni anawachotsamo, chifukwa a Bwatika anagulitsidwapo mbuzi yakhungu ndi msuweni wawo ndipo bala lake linali lisanapole. Kuphiphiritsa kunaletsedwa, wofuna kunena kabichi azinena kabichi. Ndipo poopa akathyali, anawonjezera kuti aliyense wotchula mnzake "achimwene" kapena "achemwali" pa ova-ova, chibale chimenecho ndi cha mpaka kumanda, palibe wochifufuta.

"Ndatero," inatero mfumu, ng'oma n'kulira.

Kuti lamulo likhale ndi mano, anasankha munthu womvetsera zonse zoyankhulidwa, udindo wake n'kuutcha Khutu la Mfumu. Mwayiwo unagwera a Zamveka, mkulu wofatsa amene kale ankaimba belu pasukulu ya mishoni. Anawakweza pamwamba pa thanki ya madzi ya mumzinda ndi wailesi yogwira njira zonse, n'kuwalumbiritsa kuti asadzakhale mbale wa munthu aliyense. A Zamveka anavomera, poti kunali kamphepo kabwino kumwambako ndipo akazi awo sakanatha kukwerako.

Pamsika wa Tsitsanipo lamulo linawerengedwa dzuwa lili paliwombo, ndipo anthu anamvetsera mwaulemu wonse, monga amachitira anthu amene akuganiza kale pozembera. Wogulitsa makala anafunsa ngati utsi nawo ukufunika chiphaso, poti umayenda mumphepo momwemo. Wogulitsa nyama anapita kukaona wailesi ya mlamu wa mfumu, ndipo anabwerako akuiyamikira kuti ndi yabwino kwambiri kwa munthu wofuna chotsekera khola. Ena anangokhala pa mabenchi awo manja ali m'masaya, poti kabichi ali kudimba samva kuitana kwa pakamwa.

Amene anaseka anali mai Nambewe, ogulitsa nthochi, mayi woti panalibe ukwati kapena maliro m'dzikomo amene sanapondeko phazi. Anaseka mpaka kupukuta misozi ndi nsonga ya mpango.

"Kodi nduna zathuzi zinakulira m'botolo? Anthu awiri a ku Tamvani akakhala pa mkeka umodzi, fodya asanathe pachikhatho amapezeka kuti agogo awo anayamwa bere limodzi."

Anakankhira nthochi pambali, n'kuyala mkeka pansi pa mtengo wa mango, ntchito n'kuyambika. Ankakhazika wogulitsa uku, womupatsa katundu uko, n'kuyamba kufunsa. Kwanu n'kuti, mfunda wanu ndani, nanga amayi anu, nanga agogo anu aja anasamuka chaka cha dzombe anakakhala mudzi uti. Pofika funso lachinayi kapena lachisanu ankaomba m'manja, chibale chapezeka. Chikavuta kwa bambo ankachisaka kwa mayi, chikavutanso kumeneko ankakumba mpaka kwa mkazi wachiwiri wa agogo a agogo, ndipo sanabwerepo chimanjamanja.

Sabata isanathe, wogulitsa nyama anali mchimwene wa aliyense woweta ng'ombe kudambo. Wamakala anapeza achemwali m'midzi imene anali asanaimvepo dzina. Amuna awiri amene anamenyanapo ndi mipini chifukwa cha malire a munda anayamba kuitanana achimwene pa ova-ova, mano ali gwa, kuti anyezi ayende. Chibale ndi fupa sichiola, anatero akale, koma akalewo sanaone fupa likumera msanga chonchi.

Ndiye mphepo inadzaza kuposa kale. Mlendo ungathe kumuuza kuti tumizani kabichi, nkhani n'kuthera pomwepo, koma mbale sungamutero. Uyenera uyambe wafunsa mmene wadzukira, ana, mwendo wa azakhali, mbuzi ija inkatsokomola, ndi denga lija linasasuka, iye n'kukufunsanso zako zonse, kabichi n'kubwera kumapeto dzuwa litakwera. Mfumu Ndatero ankakhala pakhonde chala chili pa batani, kudikira mpata woti anene za mitambo yake, mpata osapezeka. Walira mvula walira matope. Maliro akagwa kulikonse msika wonse unkatsekedwa, poti womwalirayo anali mbale wa aliyense. Mbale sapatsidwa mulu wa tomato wopanda basela, ndiye basela anakula mpaka kuposa mulu weniweniwo.

Chimene palibe anachiganizira ndi maukwati. Mnyamata akaponya diso pa mtsikana, ankapeza kuti dzana lomweli bambo ake anatchula bambo a mtsikanayo achimwene chifukwa cha thumba la mbatata, ndipo tsopano ndi mlongo wake mpaka kumanda. Ku Tamvani kukwatira mlongo wako ndi malaulo oti ngakhale agalu amakulozera. Maukwati anangoti zii. Telala wa madiresi aukwati anayamba kusoka makatani, ndipo akwaya anaiwala nyimbo zolowera mkwatibwi, poti ankangoimba za maliro.

Pamsika ponse munthu mmodzi yekha ndiye sanakhale pa mkeka wa mai Nambewe. Ameneyu anali Eneresi, mwini mawu aja anadula moni wa mafumu. Anali mayi wamasiye, wamfupi, wapakamwa pakuthwa, ndipo benchi yake ya bowa inali pafupi ndi mpopi. Bowayo ankamupatsa a Lufeyo, bambo wamtali wosayankhulayankhula amene ankakhala okha pamwamba pa phiri la Kwerani, wodziwa chulu chilichonse chomera utale ndi msuku uliwonse wobisa bowa wa ndelema. Bowa sadikira munthu. Wozula m'mawa akagona, mawa lake ndi chakudya cha mphutsi, ndipo njira ya phirilo si yoti munthu n'kutsika kudzangofunsa n'kubwereranso. Popanda ova-ova, Eneresi analibe njira youzira a Lufeyo kuti lero anthu akufuna bowa wanji ndi madengu angati.

Koma tinene zoona, poti mwini wake sakanazinena ngakhale mutamuika mpeni pakhosi. Eneresi ankawafuna a Lufeyo, osati pang'ono. Zinayamba chaka china pamene iwo anamumva akutsokomola pa ova-ova, mawa lake n'kutsika ndi botolo la uchi, kuliika pa benchi pake. Nawo a Lufeyo ankamufuna mpaka kumaiwala kudya, koma akatsika ankangotula dengu, kuyang'anitsitsa mpopi, kufunsa ngati madzi akutuluka bwino masiku ano, n'kubwerera kuphiri. Mbewa ya manyazi inafera kuuna, ndipo apa mbewa zinali ziwiri, iliyonse mu una wake.

Mai Nambewe sanadikire kuitanidwa. Anafufuza okha, n'kubwera akuvina kudzauza Eneresi kuti agogo aakazi a Lufeyo anali Nagama, mfunda womwewo wa iye. Chatsala n'kungoti achimwene, ova, bowa ayambenso kutsika ngati kale. Eneresi anati aganize kaye. Mai Nambewe anadabwa kuti pali chiyani choganizira, poti ena akutola achimwene asanu pa tsiku osaganiza n'komwe. Koma Eneresi ankadziwa chimene ankawerengera mumtima. Liwu limodzi lija likanapulumutsa benchi yake, ndipo liwu lomwelo likanakwirira a Lufeyo m'manda a chibale mpaka kalekale.

Ndiye anakhala chete pa nkhani ya bowa, malonda n'kuyamba kufa akuona. A Lufeyo ankangolota. Anthu akafuna utale iwo ankatsika ndi ndelema. Tsiku limene anasenza madengu odzaza mpaka khosi kuwawa, anapeza msika watsekedwa chifukwa cha maliro a mbale wa aliyense. Tsiku limene ogula anachita mzere, iwo anali kuphiri akukonza denga. Eneresi anadya bowa wotsala m'mawa, masana ndi madzulo mpaka kumulota, ndipo mkulu wa msika anamuchenjeza kuti benchi yongokhala mbee adzaipereka kwa wina. Mantha anamugwira ndithu, poti benchiyo ndiyo inali munda wake, khasu lake ndi nkhokwe yake.

Pa ova-ova ankayankhulabe, koma zololedwa zokhazokha. Eneresi ankafunsa ngati kuphiri kwagwa mvula, a Lufeyo n'kuti yagwa, ova. Kenako Eneresi ankafunsa ngati avala jekete, iwo n'kuti aiwala, ova. Pamenepo ndiye mayi ankamasuka, kuwakalipira kuti munthu wamkulu wandevu angamayende pa mvula ngati mwana wa bakha, akadwala chibayo kumwambako adzawaona ndani, anyani kodi. A Lufeyo ankayankha kuti chabwino amva, mawa lake n'kuiwalanso. Pamwamba pa thanki a Zamveka ankamvetsera zonsezi akuluma chipewa, ndipo nthawi zina ankafuna kukanikiza batani n'kukuwa kuti anthu inu tanenani zimene mukufunazo, koma Khutu silikhala ndi pakamwa.

Zinthu zili choncho, Mfumu Ndalawa anakwaniritsa lonjezo. Anafika ndi gulu lake, ndipo asanakhale n'komwe pampando anafunsa za utale. Mfumu Ndatero anayesa kumulozera mitambo, yomwe tsiku limenelo inali yokongola ndithu, koma mlendo sanakweze maso. Wophika wa kunyumba yachifumu anathamangira kumsika thukuta lili kamukamu, n'kuuza Eneresi kuti utale ukufunika lero lomwe, mfumu yatero. Eneresi anafunsa za lamulo. Wophikayo anati iye amadziwa za mapoto, za malamulo akafunse kwa eni ake, koma utale ukapanda kufika benchi imeneyi aiwale.

Msika wonse unasonkhana momuzungulira. Eneresi anatenga ova-ova yake, anthu akumunong'oneza mbali zonse kuti achimwene, ingoti achimwene. Mai Nambewe anachita kumutsina pa mkono. Iye anakanikiza batani.

"A Lufeyo, tsitsani utale wonse umene muli nawo, ova."

A Lufeyo anatsika chothamanga, n'kutula dengu, kuyang'ana mpopi, n'kubwerera. Utale unaphikidwa ndi nsinjiro, mafumu awiri n'kudya mpaka kumasula malamba. A Bwatika anawonjezera kawiri. Atatha kunyambita zala ndi kupukuta pakamwa, anatumiza apolisi kuti akagwire mayi wophwanya lamulo. Apolisiwo anauzidwa kuti akagwirenso mnzake wa kuphiri, koma atafika patsinde n'kukweza maso, anagwirizana kuti woganiziridwayo angathe kuyankha mlandu wake pa ova-ova.

Mlandu unalowa m'mawa mwake, ndipo unali wachangu kuposa milandu yonse imene inazengedwapo ku Tamvani, kumene mlandu wa nkhuku umatha mwini nkhuku ali ndi zidzukulu. Chifukwa cha changucho chinali pa mpando wakutsogolo. Mfumu Ndalawa anali atanena kuti sachoka asanadyenso utale madzulo ake, ndipo munthu woti auitanitse anali yemwe anaima m'bokosi la opalamula. Mafumu onse awiri analipo. Wophika anaima pakhomo, mpeni kudzanja ili, anyezi kudzanja linalo. M'khoti monse munali pachibale, woweruza ali mchimwene wa wogulitsa nyama, wapolisi ali mlongo wa mayi wa zitumbuwa, moti moni yekha anatenga nthawi. Ova-ova ya Eneresi anaiika patebulo ngati umboni, ili yotsegula kuti a Lufeyo azimva ali kuphiri.

A Bwatika anayankhula ngati mvula ya matalala. Anati mlanduwu ukalekereredwa, mawa kumwamba konse kudzasanduka msika, mbalame zidzasowa podutsa, ndipo mvula idzalephera kupeza mpata wogwera pansi chifukwa cha mitengo ya katundu. Anapempha kuti ova-ova ya mayiyu isinjidwe mumtondo anthu akuona, benchi yake ilandidwe, ndipo asadzayankhulenso pa wailesi moyo wake wonse. Pomaliza anageya, ndipo a pa mzere woyamba anamva fungo la nsinjiro.

Woweruza anali munthu wachifundo, makamaka mafumu awiri akamamuyang'ana. Anaweramira kwa Eneresi n'kumuuza mofatsa kuti asachedwetsane, mai Nambewe afotokoza kale za agogo aja a Nagama. Angotenga wailesiyo n'kunena kuti achimwene, khoti liona ngati dzulo anangoiwala, mlandu uthe, aitanitse utale wa alendo. Mfumu Ndatero anagwedeza mutu. Mfumu Ndalawa anameza malovu.

"Sindinena, bwana," anatero Eneresi.

Woweruza anafunsa ngati wamva chilango chake. Anati wamva. Manyazi anamugwira kuposa tsiku lililonse la moyo wake, poti msika wonse unali m'khotimo ndipo ankadziwa kuti ova-ova iliyonse ya m'dzikomo yatcheredwa komweko. Woweruza anafunsanso kuti nanga chifukwa chake n'chiyani, liwu limodzi lokha, loti anzake akulimwaza ngati mankhusu. Eneresi anayang'ana pansi, kenako anayang'ana kawailesi kake patebulo.

"Achimwene ndili nawo kale atatu, bwana, ndipo onse amandikumbukira nthawi ya chakudya. Chimene chikusowa pakhomo panga si mchimwene."

Mai Nambewe anatsegula pakamwa n'kuiwala kutseka, poti iwo amene ankadziwa agogo a aliyense anali asanaone chinthu chimene chinali pafupi ndi nthochi zawo. Kenako kawailesi kaja kanayamba kuthetheka. Kunamveka kutsokomola, kenako mphepo ya kuphiri, kenako kutsokomola kwina.

"Ndine Lufeyo, kuno ku Kwerani. Ndamva. Inenso mlongo sindikumufuna." Anapuma nthawi yaitali, moti ena anaganiza kuti mabatire atha. "Eneresi, kodi ndingatumize ankhoswe? Ova."

Nthungululu inaphulika kumbuyo, telala uja n'kukwera pa benchi. Eneresi anatambasula dzanja kuti atenge wailesi, koma a Bwatika anaiphimba ndi chipewa chawo, amvekere umboni sugwidwa mlandu uli mkati. Anati choyamba khoti ligamule ngati kufunsira mbeta pa ova-ova ndi macheza kapena malonda, poti mapeto ake mbuzi ndi nkhuku zimasintha makola. Chachiwiri, ngakhale awiriwa atakwatirana lero masana, mlandu unapalamulidwa dzulo, ali anthu wamba osadziwana magazi. Nduna zina zinaimirira kuthirirapo ndemanga, aliyense ndi yake. Dzuwa linakwera. Kuphiri munthu anali chikhalire pa mwala, wailesi ili pa khutu, funso lake lili lende osayankhidwa.

Woweruza atasowa pogwira, anaitanitsa Khutu la Mfumu. A Zamveka anatsitsidwa pa thanki, miyendo itauma, n'kulowa m'khoti akutsimphina. Anafunsidwa ngati anamva mawu a dzulo aja, ndipo anavomera kuti anawamva, a malonda enieni, opanda achimwene. A Bwatika anamwetulira. Koma mkuluyo anapempha kuti amalize, poti wakhala chete nyengo yonse ya mvula ndipo pakhosi pamuyabwa.

"Ine ndamvetsera mabanja onse a dziko lino, mafumu, ndipo okwatirana ndimawadziwira mawu. Mayi awa amakalipira bambo aja za jekete tsiku ndi tsiku. Bambo aja amati chabwino, koma osavala. Mayi akakhala chete, bambo amafunsa kuti ndalakwanji. Anthu ongogulitsana bowa satero. Banja ili linayamba kalekale, eni ake okha ndiwo anali asanauzidwe."

Anawonjezera kuti ngati a Lufeyo akusowa nkhoswe, poti kuphiri kuli anyani okhaokha ndipo kuno aliyense ndi mbale wa aliyense, iye alipo, ndipo palibe nkhoswe inalowapo ntchito ikudziwa zambiri chonchi. A Bwatika anakumbutsa za lumbiro lija losakhala mbale wa munthu. A Zamveka anati thanki ikadalipo, nduna ikafuna ikwereko yokha.

Mfumu Ndatero anayang'ana mlendo wake, amene nkhope inali itayamba kugwa. Anayang'ana wophika, amene anali atayamba kale kusenda anyezi pakhomo pomwepo. Anaimirira, n'kukonza mkanjo, n'kulengeza kuti banja la Eneresi ndi Lufeyo linayamba mvula ya chaka chatha, choncho mawu a dzulo anali a mkazi kwa mwamuna wake, ndipo za pachibale si malonda. "Ndatero." Woweruza anati nayenso amaganiza zomwezo kuyambira m'mawa. A Bwatika anachotsa chipewa chawo pa wailesi, n'kunena kuti chigamulo chanzeru chotere chasonyeza mphamvu ya lamulo limene iwo analemba.

Ova-ova inabwerera m'manja mwa mwini wake. Wophika anasendera pafupi kuti amve kuti madengu abwera angati. Mfumu Ndalawa ananong'oneza Eneresi kuti anene waukuluukulu, wosatambasuka kwambiri. Eneresi anali asanasangalalepo chotere chimwalirire mwamuna wake woyamba, ndipo misozi inali kutsika osaipukuta. Anakanikiza batani.

"A Lufeyo, mwachedwa nalo funso lanulo. Tsikani. Dengu mulisiye komweko, mubwere nokha. Ndipo muvale jekete. Ova."

Amene anali patsinde pa phiri amati sanaonepo munthu wamtali akutsika Kwerani mwa liwiro lotero, jekete atavala mozondotsa. Dengu analisiyadi pa mwala paja, lodzaza ndi utale umene anazula m'mamawa poganiza kuti mwina ufunika, ndipo anyani anachita phwando lachifumu. Telala anamasula makatani n'kuyamba kuyeza Eneresi panja pa khoti pomwepo, akwaya ali pambali kukumbutsana poyambira nyimbo. Lamulo lija silinasinthe, lilipobe mpaka lero, ndipo mlamu wa mfumu akudikirabe munthu woyamba kudzagula wailesi yake.

Madzulo a tsiku limenelo mafumu awiri anadyera nyemba.